KODI KUPENDA KAVALO WA LIWIRO NDI NZERU KAPENA NDI NJUGA?

Pali funso limene lafika kuno ku mapiri a Dedza pamodzi ndi abale athu obwera ku Joni ndi ku Halale, ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa. Akuru akamdzudzula munthu kuti aleke kutaya ndarama pa akavalo a liwiro, iye ayankha nati, Ine sindichova njuga iai. Wa njuga ndiye uja aponya makadi wosadziwa cimene cidzaturuka. Koma ine ndiwerenga mbiri ya kavalo, ndifunsa za makolo ace, ndipenda miyendo yace, ndipo ndikatha zonsezi ndiika ndarama zanga monga munthu wogula ng'ombe ataipenda mano. Nanga kulakwa kwanga nkuti? Mau amenewa sali opusa. Kungowakana ndi ukali sikumbweza munthu, pakuti acoka ali ndi mtima wakuti akuru asowa poyankha. Cifukwa cace tiyeni tiwayese.

Kavalo ndi mlendo m'dziko lathu lino. Dzina lace lomwe tinalitola kwa Apwitikizi, amene kale malire ao anali pafupi ndi ife pano, kutsidya kwa mseu wa ku Ncheu. Cimene cinamletsa kuswana kuno ndi kashembe, nchenche ija ya m'zigwa zotentha, imene ikaluma ciweto icipatsa nthenda yoondetsa kufikira imfa. Sing'anga David Bruce anapeza kacirombo ka nthendayi m'mwazi wa ziweto ku dziko la Azulu m'caka ca 1895, ndipo pambuyo pace anadzakhala ku Kasu, m'dziko lathu lomwe lino, kufufuza za nthenda ya kaodzera. Cotero Azungu oyamba anayenda pa macira ndi pa aburu, ndipo akavalo owerengeka anasungidwa ku malo okwera ndi ozizira monga ku Zomba. Komabe luso la kupenda ciweto siliri lacilendo kwa ife. Mngoni wa ku Bembeke kapena wa ku Lizulu akafuna ng'ombe ya pangolo yakukwera nayo mbatata ya kacewere, saigula ndi maso a patali. Aitsegula pakamwa kuti adziwe zaka zace, aiyendetsa kuti aone ngati itsimphina, ayang'ana linunda ndi cifuwa, nafunsa khola limene inabadwira. Palibe munthu amucha wa njuga cifukwa ca ici, timucha wocenjera.

Wopenda kavalo acita zomwezo, koma mozama koposa, ndipo nkoyenera kuti tidziwe nchito yace tisanaweruze. Ayamba ndi mtundu. Akavalo a liwiro a masiku ano, ukatsata mzere wa atate ao, afika onse kwa amphongo atatu amene anatengedwa ku maiko a kum'mawa kunka ku England zaka mazana atatu zapitazo, ndiwo Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Ndipo kuyambira 1791 Angerezi alemba m'buku kubadwa kwa akavalo amenewa, kotero kuti ambiri a iwo adziwika makolo ao kuposa umo ife tidziwira agogo a agogo athu. Atatha za mtundu apenda za m'mbuyo. Pa pepala la tsiku la mpikisano, pambali pa dzina la kavalo ali yense, pali manambala osonyeza malo amene anatsirizira m'mipikisano yace yapita, kaya woyamba, kaya wacitatu, kaya wacisanu ndi citatu. Wosadziwa angowerenga manambalawo nasankha wa ma 1 ambiri. Wodziwa afunsa zina: anapambana yani? Pakuti kukhala woyamba pakati pa ofooka kucepa mtengo kuposa kukhala wacitatu pakati pa amphamvu. Afunsanso za utali wa njira, popeza kavalo wina ali ngati moto wa mapesi, athamanga koopsa mamita 1,000 natha mphamvu, pamene wina ayamba mwaulesi nadzaonetsa mphamvu yace atapyola mamita 2,000. Afunsa za nthaka, ngati inali youma kapena ya matope. Afunsa za wokwerapo, ngati ali wodziwa kusunga mphamvu ya kavalo kufikira pokhota potsiriza. Afunsa masiku amene apita cithamangire, pakuti tsabola wakale sawawa. Ndipo potsiriza apita yekha pamene akavalo aonetsedwa asanalowe m'bwalo, kuti aone ngati ubweya uli wosalala, ngati mayendedwe ali omasuka, ngati kavalo waturuka thukuta la mantha nthawi isanakwane.

Pali cinthu cinanso cimene ciyenera kufotokozedwa, ndico katundu. Makolo athu anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi, ndipo eni mipikisano anaganiza zofanana ndi izi, koma anapitirira. M'mipikisano yambiri kavalo wamphamvu asenzetsedwa katundu wolemera kuposa anzace. Aika zidutswa za ntobvu m'nsaru ya pansi pa cishalo, kuti onse akhale ndi mwai wofanana. Ndico cifukwa cace wopenda sangoti, Uyu ndiye wamphamvu koposa. Ayenera kufunsa ngati mphamvu yaceyo ikwanira kugonjetsa ndi katundu yemwe wampatsa. Mpikisano wochuka wa Durban July, umene unayamba mu 1897 ndipo uthamangidwa pa bwalo la Greyville pa mtunda wa mamita 2,200, uli wa mtundu umenewu.

Tsono tibvomere poyera kuti ili ndi luso ndithu. Siliri ula. Woombeza ula anena za mawa popanda cifukwa cooneka cimene munthu wina angathe kuciyesa. Wopenda kavalo apereka zifukwa zace, ndipo mnzace akhoza kumtsutsa pa zifukwa zomwezo. Pamenepa mbale wathu uja wanena zoona.

Koma luso limeneli lifika pati? Taonani nkhani ziwiri. M'caka ca 2006 ku America kunagulitsidwa kavalo wa zaka ziwiri amene anamucha The Green Monkey. Makolo ace anali omveka, thupi lace losapezeka cirema, ndipo pomuonetsa kwa ogula anathamanga mamita ngati 200 m'masekondi osakwana 10. Anthu olemera, okhala ndi akatswiri ao opendera akavalo, analimbirana kufikira mtengo unafika madola 16,000,000. Kavalo ameneyo anathamanga mipikisano itatu yokha, osapambana ndi umodzi womwe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhani yaciwiri iri pafupi ndi ife. Mu 1998 ku Zimbabwe, dziko limene ana a Amalawi ambiri anakalambira pa nchito za m'mafamu, kunabadwa kavalo wamkazi amene anamucha Ipi Tombe, mau a ku mwera ofunsa kuti namwali ali kuti, amene agogo a Cingoni akadawazindikira. Pa msika wa ana a akavalo ku Harare ogula sanamsamale, ndipo anapita pa mtengo wocepa ndithu, wonga madola 30 a ku America. Namwali ameneyu anayamba kupambana kwao konko, napita ku South Africa m'manja mwa mphunzitsi Mike de Kock, napambana Durban July mu 2002 pakati pa amphongo. Mu 2003 anapambana mpikisano waukuru ku Dubai, napambananso ku America. Pa mipikisano yace 14 anakhala woyamba ka 12, ndipo pa iwiri yotsalayo anali waciwiri. Mwazi wabwino unalimo mwa iye, pakuti agogo ace anali Mr. Prospector, mphongo yomveka ya ku America. Koma maso a akatswiri a pa msika uja sanaone cimene cinali m'kati.

Wina adzati izi ndi nkhani zosankhidwa dala. Cabwino, tiyeni tisiye zodabwitsa titenge za masiku onse. Pa mpikisano uli wonse pakhala kavalo mmodzi amene anthu ambiri amkhulupirira koposa, ndiye amene nzeru zonse za khamu zagwera pa iye. Owerenga zinthu izi m'maiko osiyanasiyana apeza kuti kavalo wotereyu apambana ngati kamodzi pa katatu. Kumeneku nkupambana kwakukuru poyerekeza ndi kusankha mwa maere pakati pa akavalo khumi. Ndiwo umboni wakuti lusolo liripo. Koma kawiri pa katatu khamu lonse la ocenjera lilakwa. Dzulo litiphunzitsa za mawa pokhapo pamene mawa lifanana ndi dzulo, ndipo kavalo ndi camoyo. Agona bwino kapena moipa, amva kuwawa m'ciboda kumene sanganene, apunthwa pa mnzace poyambira. Wopenda adziwa mbali imodzi, ndipo mbali yotsalayo, imene iri yaikuru, iri yobisika kwa iye monga iri yobisika kwa woponya makadi.

Pamenepa mbale wathu ali ndi yankho lina, ndipo ndilo lamphamvu koposa onse. Ati, Nanga mlimi? Suja akwirira mbeu yace m'nthaka mu November wosadziwa ngati mvula idzapitirira? Suja agula feteleza ndi ngongole, natsamira pa zimene anaona caka catha? Wamalonda wotsika ndi kabichi ku Golomoti adziwa bwanji mtengo umene akaupeza? Ngati kucita cinthu usanadziwe mathero ace ndi njuga, anthu onse ndi a njuga.

Ndi zoona kuti palibe munthu akhala ndi moyo popanda kuyesa za mawa. Ngakhale makolo osankhira mwana wao mbeta apenda banja limene icokera ndi makhalidwe ace a kale, ndipo nthawi zina alakwa. Kusadziwa za mawa sindiko kusiyanitsa mlimi ndi wa njuga. Onse awiri sadziwa. Cosiyanitsa ndi ici, kuti phindu la mlimi licokera m'nthaka, ndipo akakolola bwino palibe mnansi amene wasauka cifukwa ca kukolola kwaceko. Mudzi wonse ukhala ndi cakudya coposa kale. Wamalonda naye atenga kabichi kumene acuruka nampereka kumene asowa, ndipo wogula acoka wokondwa. Koma ndarama za wopambana pa kavalo zicokera kuti? Liwiro la kavalo silibala ndarama. Zicokera m'matumba a anzace amene anaimirira naye pa mzere umodzi.

Tiyeni tiwerenge, pakuti ambiri abecha osadziwa mayendedwe a ndarama zao. Njira imene igwiritsidwa nchito pa mabwalo ambiri inayambidwa ndi Joseph Oller ku Paris m'zaka za m'ma 1860. Ndarama zonse za obecha ziikidwa m'nkhokwe imodzi. Eni bwalo ndi boma atapapo gawo lao poyamba. Zotsala zigawidwa kwa amene analoza kavalo wopambana. Tiyerekeze kuti anthu 100 aika K1,000 ali yense, ndipo eni ace acotsapo gawo limodzi la magawo asanu. M'nkhokwe munali K100,000, mwatsala K80,000. Ngati anthu 20 analoza bwino, ali yense alandira K4,000. Koma ngati kavaloyo anali woonekeratu kwa onse, kotero kuti anamloza anthu 60, ali yense alandira K1,333 cabe, ataika pa ngozi K1,000 yace. Onani tsono cimene cicitikira luso lija: pamene zifukwa zako ziri zomveka bwino, anzako aziona nawonso, ndipo mphotho icepa. Kudziwa kavalo wabwino sikukwanira. Uyenera kudziwa cimene khamu lonse silidziwa. Ndipo khamu lomwelo likabweza m'nkhokwe zonse zimene lalandira, mpikisano ndi mpikisano, K100,000 ija isanduka K80,000, kenaka K64,000, kenaka K51,200, ndipo pakutha pa mpikisano wacisanu patsala K32,768. Dzuwa lisanalowe magawo awiri a magawo atatu apita, ngakhale onse zana limodziwo akhale akatswiri. Eni bwalo sapenda kavalo ali yense. Iwo ali ngati mwini cigayo amene atapa ufa wace, kaya cimanga ncabwino kaya ncofumbwa.

Sitikana kuti alipo owerengeka amene lusoli liwapindulitsa zaka ndi zaka. Koma ciwerengero comweci citiuza amene awadyetsa: ndi osadziwa, ndi aumphawi oyesa mwai ndi ndarama ya ndiwo, ndi mbale uja wa pa mgodi kapena wa m'munda wa maluwa wa bwana amene anayenera kutumiza ndarama za sukulu kumudzi. Luso la mmisiri lipindulitsa iye mwini ndi wogula khasu lace. Luso ili lipindula pokhapo pamene mnzako ali wopusa kuposa iwe, ndipo likhumba kuti akhalebe cotero. Mbale wathu akati ndarama zace wazipeza ndi nzeru, sitimtsutsa. Timfunsa cabe ngati angakonde kuona nkhope za amene anazitaya.

Pali cinanso cimene kubecha kucita mumtima, ndipo nkhani ya Sea Cottage icionetsa. Ameneyu anali kavalo wokondedwa koposa ku South Africa m'masiku ace, ndipo mu 1966 anthu ambiri anaika ndarama pa iye kuti adzapambana Durban July. Mu June caka comweco, masabata atatu mpikisano usanafike, pamene anali kupita kukacita masewero a m'mamawa ku Durban, munthu wobisala anamuombera mfuti, cipolopolo cinalowa m'thako. Woomberayo anagwidwa naponyedwa m'ndende, ndipo mlandu wace unali wa ndarama za kubecha, pakuti panali ena amene akadataya zambiri kavaloyo akadapambana. Sea Cottage anathamangabe ndi cipolopolo m'thupi, nakhala wacinai. Caka cotsatira, mu 1967, anabweranso, atasenza mapaundi 27 kuposa mnzace Jollify, ndipo awiriwo anafika pamodzi kotero kuti oweruza sanathe kuwalekanitsa. Obecha ambiri sangagwire mfuti, ndipo kukadakhala kunamiza kuwayesa onse ambanda. Koma mfuti ija inangocita poyera cimene mtima wa wobecha ali yense ucita mobisa. Munthu wopenyerera cabe akondwera ndi liwiro la akavalo onse. Akaona wina wagwa amva cisoni. Woika ndarama pa mmodzi ali ndi akavalo khumi amene awafunira tsoka, ndipo wotsogola akapunthwa, mtima wace udumpha ndi cimwemwe iye asanaulole. Cinthu cimene ciphunzitsa munthu kukondwera ndi kutyoka mwendo kwa colengedwa cokoma cotere, ine sindingathe kuciyesa masewera wamba.

Anyamata a pa boma pano sanaonepo bwalo la Greyville, koma nawo alowa m'nyumba za kubecha, ndipo ena abecha pa lamya za m'manja. Za mpira ziri ndi mlandu womwewu. Koma ziripo zina zoseketsa ndi zomvetsa cisoni pamodzi, ndizo za akavalo a pa kanema amene sali akavalo konse, koma zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, zimene wopambana wace asankhidwa ndi makina mwa maere. Ndipo mupeza mnyamata ali ndi kope, kulemba manambala amene anapambana m'mawa kuti apende amene adzapambana madzulo. Kavalo wa Durban ali ndi makolo, mapapo ndi ziboda zoti munthu azipende. Wa m'kanemayo alibe dzulo.

Catsala cinthu cimodzi cobvuta, ndipo sindifuna kucilumpha. Mipikisano ya akavalo iima pa ndarama za obecha. Kucokera m'gawo lija eni bwalo atapa muturuka mphotho za akavalo, ndipo m'mphothozo muturuka malipiro a anthu a m'makola, amene adzuka nkhuku zisanalire kukasesa ndowe, kupesa akavalo ndi kuwapatsa msipu. Mbale wathu wocoka ku Linthipe akapeza nchito yotere ku Johannesburg, kufupi ndi bwalo la Turffontein, kodi timuuze kuti aileke? Ine nditi iai. Kusamala ciweto ndi nchito yoona, ndipo thukuta lace ndi lomwe lija la mbusa wa ng'ombe. Malipiro ace awalandira cifukwa ca nchito imene waigwira, kavalo apambane kapena alephere. Koma munthu ameneyu ali pa malo oterera kuposa onse, pakuti iye ndiye adziwa cija khamu silidziwa. Adziwa kuti kavalo wokondedwa ndi anthu anasiya cakudya dzulo, kuti anatsokomola usiku, kuti bondo lace linali lofunda m'mawa. Ndipo anzace a kumudzi adzamfika Loweruka nati, Acimwene, tiuzeniko. Kodi si paja tiri a mudzi umodzi?

Pano cibale cikoka kwina ndipo cilungamo cikoka kwina. Kumana mbale mau amene sakudyera kanthu kuoneka ngati umbombo, ndipo pa cikhalidwe cathu umbombo ndi mlandu waukuru. Komatu mau amenewo si ace. Anawadziwa cifukwa mwini khola anamkhulupirira namlowetsa m'kati, monga mnyamata wa m'nyumba adziwa za m'cipinda ca bwana wace. Ndiponso ndarama zimene abale ace adzapata ndi mauwo zidzacokera kwa anthu ena amene anabecha poyesa kuti onse aona zofanana, ndipo pakati pao pali amphawi a midzi yina. Ngati kavalo adwala, woyenera kuuzidwa ndi mphunzitsi wa khola ndi sing'anga wa ziweto, kuti ciweto cisathamangitsidwe ciri ndi bala. Ndipo akawauza iwowa wacita mbali yace yonse. Kwa abale a Loweruka aja akhoza kupereka nsima, malo ogona, ngakhale ndarama ya basi yobwerera nayo. Koma za m'khola azisiye m'khola, ngakhale adziwa kuti adzamnena kumudzi kuti Joni yamsandutsa mlendo.